MPOPE WA MFUTI UTALIKE MOTANI?

Caka ndi caka, dowe akayamba kukhwima m'minda, nkhani ya mfuti ibukanso m'midzi yoyandikana ndi nkhalango. Nguluwe zilowa usiku ndi kugwetsa mapesi mzere wathunthu. Mvuu zituluka m'Shire ndi kumweta madimba monga munthu wa cikwakwa. Ndipo ku Kasungu, kumene anapititsako njobvu 263 kucokera ku Liwonde m'caka ca 2022, alimi a cimanga ndi fodya a mbali zonse ziwiri za malire adziwa bwino ukulu wa phazi la njobvu. Pa nyengo yotere amuna akakhala pansi m'cigafa kusoka fodya, mkangano sucedwa kuyamba: kodi mfuti yoyenera nyama zazikulu ndi yotani? Kawiri-kawiri mau otsiriza akhala a mkulu wina amene anena kuti mfuti ndi mpope, ndi kuti mpope ukatalika cipolopolo cimka kutali, cilasa molunjika, ndipo cipha msanga.

Ife sitibvomerezana nao mau amenewa, ngakhale tidziwa kuti sanacokere pacabe. Maganizo athu ndi akuti mfuti ya nyama zazikulu m'thengo la kwathu kuno iyenera kukhala ndi mpope wa mainchi 22 kufikira 24, ndiko kuti mapazi awiri kapena kucepapo pang'ono. Wopitirira apa alemetsa mwini wace popanda phindu; wocepa kwambiri amgonthetsa m'makutu ndi kumphunzitsa mantha. Nkhaniyi siiri yamasewera, pakuti njati kapena mvuu yolasidwa molakwika sifera pomwepo. Ithawira m'bango ndi bala lace, ndipo amene akomana nayo m'mawa mwace ndi mai wopita kukatunga madzi kapena mwana woweta mbuzi.

Tisanapitirire tinene poyera za lamulo, kuti wina asatimve molakwa. M'Malawi mlimi saloledwa kusaka njobvu. Lamulo la zinyama za m'thengo la 1992, limene linakhwimitsidwa m'caka ca 2017, lipereka cilango cofikira zaka 30 m'ndende kwa munthu wopha nyama zotetezedwa koposa. Nyama yoopsa ikabvuta m'mudzi, nchito yoipirikitsa kapena kuipha ndi ya alonda a Boma oyang'anira zinyama. Ndipo mfuti iriyonse ifuna cilolezo. Komabe nkhani ya mpope itikhudza. Alonda amenewa ndi ana athu. Amene awatsogolera potsata mapazi a nyama ndi eni minda. Ndipo ku cigwa ca Luangwa m'Zambia, ku Tete m'Mozambique ndi ku cigwa ca Zambezi m'Zimbabwe, kumene kusaka nyama zazikulu ndi cilolezo kulipo, abale athu ambiri adya za nchito imeneyi. Munthu amene aimirira pambuyo pa mlenje ayenera kudziwa ngati cida ciri m'manja mwa mnzaceyo cingathe kumpulumutsa.

Cikhulupiriro ca mpope wautali tinacilandira kwa makolo, ndipo iwo anali ndi cifukwa cace. Mfuti imene anaidziwa inali gogodela, yothira wonga kukamwa ndi kusinja ndi kamtengo. Pangano la maiko a Azungu la ku Brussels la 1890 linaletsa kugulitsa mfuti zamakono kwa anthu a m'maiko ano, cotero gogodela anakhala m'midzi zaka zambiri pamene kwina anali ataiwalika kale. Mfuti zotere zinali zazitali ndithu: ya asilikari a Angerezi yodziwika ndi dzina la Brown Bess inali ndi mpope wa mainchi 39 kapena 42. Wonga wakuda uli ndi mphamvu yocepa, ndipo gawo lalikulu la iwo lisanduka utsi ndi mwaye. Cotero unafuna njira yaitali kuti ukankhe cipolopolo mokwanira. Panalinso cifukwa cina cimene sicikhudza mlenje konse: asilikari anali kuomba ataima m'mizere, ndipo mfuti inali kugwiranso nchito ya nthungo akaimanga mpeni kutsogolo. Ngakhale Martini-Henry ya 1871, imene inali yolowetsa cipolopolo kumbuyo, inali ndi mpope wa mainchi 33, pakuti wonga wace unali wakuda womwewo.

Zinthu zinasintha pamene Mfalansa wina, Paul Vieille, anapanga wonga wopanda utsi m'caka ca 1884, ndipo Angerezi anatsatira ndi wao m'caka ca 1889. Wonga watsopanowu upsa pafupifupi wonse, nusanduka mpweya wamphamvu yoposa kwambiri. Ndipo mphamvu yace ifika pacimace cipolopolo citangoyenda mainchi owerengeka. Kucokera pamenepo cipolopolo cionjezabe liwiro, koma pang'ono-pang'ono, monga ngolo imene yafika kale pa cidikha. Ankhondo a Angerezi anaona zimenezi. Itatha nkhondo ya Mabunu m'caka ca 1902, anafupikitsa mpope wa mfuti yao ya .303 kucokera pa mainchi 30 kufika pa 25. Imeneyi ndiyo mfuti imene asilikari a Keyala anainyamula pa nkhondo ziwiri zazikulu, ndipo cipolopolo cace cinali kutuluka pa liwiro la mapazi 2,440 pa sekondi, pamene ca Martini-Henry ya mpope wautali ija cinali kuyenda mapazi ngati 1,350 okha. Amene anabwerako ku Burma sanadandaule kuti mfuti yao inali yaifupi.

Tsono tiwerenge cimene munthu ataya akacepetsa mpope. Titenge mfuti ya .375, imene kampani ya Holland & Holland ya ku London inaitulutsa m'caka ca 1912. Imeneyi ndiyo idziwika koposa pa nyama zazikulu za m'Africa. John Taylor, mlenje wa ku Ireland amene anakhala zaka zambiri m'cigwa ca Zambezi ndipo anthu a kumeneko anampatsa dzina lakuti Pondoro, ndiye mkango, anaitama kwambiri m'buku lace la 1948. Cipolopolo cace colemera cituluka pa mapazi ngati 2,500 pa sekondi. Amene anayesa kudula mipope inchi imodzi-imodzi ndi kuyeza liwiro apeza kuti pa mfuti za mtundu uwu inchi iriyonse icotsa mapazi ngati 20 kapena 30 pa sekondi. Ndiko kunena kuti inchi imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo 100. Mpope wa mainchi 22 poyerekeza ndi wa 26 utaya mapazi ngati 100 mwa 2,500. Pa mtunda wa mayadi 100, kusiyana kwa pamene zipolopolo ziwirizi zigwera sikufika ngakhale inchi imodzi. Ndipo njati, mvuu ndi njobvu kawiri-kawiri ziomberedwa pafupi kuposa apa. Palibe njati imene inapulumuka cifukwa ca mapazi 100 amenewo. Zimene zipulumuka, kapena kuti zimene zithawa ndi bala, ndi zolasidwa m'mimba m'malo mwa paphewa.

Nanga za kulunjika? Apa ndi pamene ambiri asokonezeka. Cimene ciongola cipolopolo si utali wa mpope, koma timizere topotoka tosemedwa m'kati mwace, timene ticizunguza monga nguli kuti cisapidiguke m'mwamba. Nchito imeneyi itha m'mainchi ocepa. Mpope waufupi ndi wonenepa ugwedera pang'ono pakuomba kuposa wautali ndi woonda, monga mzati waufupi ulimba kuposa nsungwi yaitali. Koma pali coonadi cimodzi m'mau a akulu aja, ndipo tiyenera kucibvomereza. Pa mfuti pali tizitsulo tiwiri tolozera, kena kumbuyo, kena kukamwa. Tikakhala totalikirana, diso liona msanga ngati mfuti yapendekeka. Mlenje akalakwa ndi kagawo kofanana ndi kunenepa kwa cikhadabo, cipolopolo ciphonya ndi mainchi atatu pa mayadi 100 ngati tizitsuloto titalikirana mainchi 24. Koma ciphonya ndi mainchi asanu ndi limodzi ngati titalikirana 12 okha. Cotero mpope wautali uthandiza diso la munthu, osati cipolopolo. Mfuti ikakhala ndi galasi loonera patali, phindu limeneli licoka lonse. Ndipo ngakhale popanda galasi, kusiyana kwa mainchi 24 ndi 26 ndi kocepa kwambiri kotero kuti kupuma kwa munthu amene wathamanga kuononga zoposa apa.

Tsopano taganizani za malo amene nyama zimenezi zipezeka. Sitirikunena za cipululu coyera kumene munthu aona mailosi atatu. Tirikunena za bango la m'mphepete mwa Shire ndi Bua, za tsekera wopitirira msinkhu wa munthu m'miyezi ya mvula, za nkhalango zowirira za mitengo yaminga zonga za ku Lengwe, ndi za munda wa cimanga cimene cabereka, momwe munthu saona mizere isanu patsogolo pace. Mfuti ya mpope wa mainchi 24 italika yonse mainchi ngati 44 kapena 45. Muionjezere anai, ndipo mwanyamula mtengo umene ukodwa m'zilambe, ugunda nthambi pamene muukweza paphewa, nukana kutembenuka pamene nyama yatulukira kumanzere inu muli kuyang'ana kumanja. Inchi imodzi ya mpope ilemera ngati aunsi imodzi kapena kupitirirapo pang'ono, ndipo wina anganene kuti ndi zacabe. Koma kulemerako kuli kunsonga. Mlimi aliyense adziwa kuti khasu lomwelo, likaikidwa pa mpini wautali kuposa muyeso, litopetsa mikono dzuwa lisanafike paliombo. Munthu amene watsata mapazi a njati maola asanu ndi limodzi m'dzuwa la mwezi wa khumi ayamba kunyamula mfuti yotere paphewa monga mtolo wa nkhuni, kamwa lace kumbuyo. Ndipo njati yobisala siyembekeza kuti aitembenuze.

Ici ndico cifukwa cace alenje akale okhala ndi ndalama anali kukonda mfuti ya mipope iwiri potsata nyama yobvulala. Mipope yace kawiri-kawiri inali ya mainchi 24 kufikira 26, koma popeza mfuti yotere iribe cigawo cokokera zipolopolo kumbuyo, yonse ifupika ndi mainchi ngati anai kuposa inzace ya mpope wofanana. Mtengo wace unali woposa ng'ombe za khola lathunthu, ndipo lero uli woposa apo; tiichula kokha kuti tione cimene anthu odziwa nchitoyi anali kufuna: mfuti yotembenuka msanga, koma yosataya mpope.

Pakuti kulinso cigwa ku tsidya linalo, ndipo acinyamata ndiwo akonda kugweramo. Iwo aona mfuti zazifupi za pa kanema nayesa kuti kufupika ndiko kucenjera. Angerezi anayesa njira imeneyi m'caka ca 1944, pamene anapanga .303 yocepa ya nkhondo ya m'nkhalango, ya mpope wosakwana mainchi 19, yopepuka ndi mapaundi ngati awiri. Inali yokoma kunyamula. Koma inali kumenya phewa kwambiri kotero kuti anaiika mphira kumbuyo, ndipo inali kulabvula moto wambiri kotero kuti anaibveka kacitsulo kukamwa kobisa motowo. M'caka ca 1947 analeka kuipanga. Ngati zinatero ndi .303, ya wonga wocepa, kuli bwanji ndi .375 imene wonga wace uposa pamenepa kwambiri? Cipolopolo cikatuluka mpweya ukali ndi mphamvu yaikulu, phokoso likula, ndipo liphulikira pafupi ndi makutu a woomba ndi a mnzace woima pambali. Kugontha kotere sikucira. Madzulo kapena m'bandakuca, imene iri nthawi ya mvuu ndi nguluwe, moto wa kukamwa uthobwa m'maso kwa kanthawi, ndipo kanthawi kameneko ndi kamene munthu afuna kuona ngati nyama yagwa kapena irinkudza. Kamwa la mfuti yopepuka kutsogolo lilumpha m'mwamba, ndipo kuomba kwaciwiri kucedwa.

Coipa coposa zonsezi sicioneka ndi maso. Munthu amene mfuti yamupweteka kangapo ayamba kuiopa osadziwa. Pamene cala cikoka, maso atsinzina, phewa likankha kutsogolo, ndipo cipolopolo cigwa pansi pa malo amene analoza. Iye anena kuti mfuti yapotoka, kapena kuti nyama ija ndi yokhwimira. Njira yodziwira iripo: mnzace amuikire mfuti osamuuza ngati muli cipolopolo kapena ai, ndipo aombe pa cizindikiro, kumbuyo kwace kuli culu. Ikakhala yopanda kanthu, onse aona mmene kamwa ligwera. Ambiri amene aseka anzao sanayesedwe motere.

Pakati pa mainchi 22 ndi 24 tisankhe uti? Ife tiona kuti ciyenera kulamula ndi mtundu wa cipolopolo. Ca wonga wambiri monga .375 cifuna malo opsera, ndipo kwa ico tikonda 24, makamaka ngati mfuti yomweyo idzagwiranso nchito pa nchefu kapena ngoma m'malo oyera, kumene kuomba pa mayadi 200 kucitika. Mfuti za kamwa lalikulu ndi liwiro locepa, zonga .404 ya Jeffery imene alonda a zinyama a m'maiko a kuno anali kugwiritsa nchito zaka zambiri poteteza minda, zitaya liwiro locepa pa inchi iriyonse, ndipo 22 kapena 23 aikwanira. Ya .458 ya Winchester, ya 1956, iri ndi phunziro lace: khoko la cipolopolo cace ndi laling'ono poyerekeza ndi kulemera kwa cipolopoloco, cotero iribe liwiro lapadera loti itaye, inayamba kugulitsidwa ndi mpope wa mainchi 25, pambuyo pace 22, ndipo ife sitingalangize munthu kutsika kupitirira apa. Ya 9.3 ya ku Germany, imene Otto Bock anaipanga ku Berlin m'caka ca 1905 kaamba ka alimi a m'maiko a Africa, iri pa malire enieni a lamulo ku Zimbabwe, kumene njobvu, njati ndi mvuu zifuna kamwa losacepera mamilimita 9.2 pamodzi ndi muyeso woikika wa mphamvu. Mfuti yotere ikafupikitsidwa ingathe kugwa kunsi kwa muyesowo.

Msinkhu wa mwini wace nawonso uli ndi mau. Munthu wamfupi ndi wa mikono yaifupi alimbana ndi mfuti imene wamtali aiona yabwino. Koma kawiri-kawiri colakwa sicikhala ku mpope, cikhala ku mtengo wa kumbuyo umene watalika. Mmisiri angathe kucepetsa mtengo popanda kuononga kanthu. Yeso labwino ndi ili: mfuti iri yopanda cipolopolo, yang'anani cinthu ciri pa mayadi 30, tsinzinani, ikwezeni paphewa, ndipo tsegulani maso. Tizitsulo tolozera tikapezeka tiri pa cinthuco, mfutiyo ndi yanu. Ikanyamulidwa ndi dzanja limodzi, iyenera kukhazikika pafupi ndi polowera zipolopolo, yosagwera kutsogolo kapena kumbuyo. Poyeza mpope, dziwani kuti muyeso uyambira m'kati, pamene pakhala thako la cipolopolo mfuti itatsekedwa, kufikira kukamwa. Amene ayeza kunja kokha apeza mainchi ocepa, nayamba kukangana ndi wogulitsa popanda cifukwa.

Kwa iye amene ali nayo kale mfuti ya cilolezo ya mainchi 25 kapena 26, tinena kuti aisiye momwemo. Tamva za anthu amene atenga sowo yodulira zitsulo kuti afupikitse okha, ndipo palibe njira yacangu yoonongera mfuti yoposa imeneyi. Kamwa la mpope liyenera kudulidwa molingana mbali zonse ndi makina a mmisiri, pakuti mpweya ukayamba kutulukira mbali imodzi ukankhira cipolopolo kumbali inayo, ndipo mfuti imene inali kulasa cipatso ca mlambe iphonya mlambe womwe. Kacitsulo kolozera ka kutsogolo kapita pamodzi ndi cidutswa codulidwaco. Ndiponso mfutiyo inalembedwa m'buku la Boma monga iriri. Asanaisinthe kanthu kalikonse, mwini wace ayambe wafunsa ku Polisi. Mainchi awiri oposa ndi cinthu cimene munthu azolowera m'nyengo imodzi.

Kwa mlimi wamba amene mdani wace ndi nguluwe ndi anyani, mfuti zonse tachulazi ndi zazikulu kuposa nchito, ndipo cipolopolo cace cikaphonya ciuluka mailosi awiri kapena kuposa, kupyola minda ya anansi ndi nyumba zao. Munda wa pakati pa midzi si malo ace.

Catsala cinthu cimodzi cimene cikhudza utali wa mpope m'nyengo ya mvula. Mfuti yaitali yopacikidwa paphewa kamwa pansi, monga ambiri acita poopa madzi, igunda m'matope munthu akatsika m'khwawa kapena akaterereka m'dambo. Dothi likatseka kukamwa ndipo munthu aomba osadziwa, mpope utupa kapena ung'ambika monga nthoci yosendedwa, ndipo dzanja lamanzere liri pomwepo. Mabvu aja omanga ndi dothi acita cimodzimodzi pa mfuti yoimikidwa pa ngodya ya nyumba masabata angapo. Kacidutswa kamodzi ka tepi yopyapyala komatidwa kukamwa kaletsa zonsezi, ndipo sikasokoneza cipolopolo, pakuti mpweya wa m'mpope ukankhidwa patsogolo nukacotsa cipolopolo cisanafike. Koma tepi ikhale kunja kokha. Cigamba, pepala kapena citsononkho cisalowe m'kati. Mlenje asanatuluke m'nyumba acotse zipolopolo zonse, atsegule kumbuyo, ndi kusuzumira m'mpope moyang'ana kowala kufikira ataona kuti njira iri yoyera kucokera kumbuyo mpaka kukamwa.